Khoma Logwira Dothi ndi Gawo Lake Lokwiririka

Anthu anayamba kumanga makoma ogwira dothi kalekale, masamu ake asanadziwike. Amene anakakhala m'mapiri anaona msanga kuti malo otsetsereka salimika bwino, chifukwa mvula ikagwa nthaka yachonde imathawira kudambo, mlimi n'kutsala ndi miyala. Ndiye anatola miyala yomweyo n'kuisanja mopingasa phiri kuti dothi liziima kuseri kwake. Ku Nyanga, kum'mawa kwa Zimbabwe, milambala ya miyala yotereyi ikadalipo, yoyalana m'mapiri mtunda wautali, pamene eni ake anapita zaka mazana angapo zapitazo. Sanaimange ndi simenti, ndipo madzi amangodutsa m'mipata ya miyala osapeza pounjikana.

Anthu a mtundu wa Inca ku Peru anapita patsogolo. Pomanga Machu Picchu m'zaka za m'ma 1400, kuseri kwa makoma a m'minda yawo ankayamba ndi miyala ikuluikulu pansi, kenako ing'onoing'ono, kenako mchenga, dothi lolimapo n'kubwera pamwamba. Injiniya wa ku America, Kenneth Wright, amene anafufuza malowa kwa zaka zambiri, anayerekeza kuti pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a ntchito yomanga mzindawu ali pansi pa nthaka, m'maziko ndi m'njira za madzi. Nayenso Vitruvius, mmisiri wa ku Roma wa m'nthawi ya mfumu Augustus, analemba m'buku lake la zomangamanga kuti dothi la kuseri kwa khoma silikhala chimodzimodzi chaka chonse. Likamwa mvula limalemera, limafufuma, n'kuphwasula khoma. Malangizo ake anali oti khoma lichindikale molingana ndi kuchuluka kwa dothi ndiponso lichirikizidwe ndi zipilala. Onsewa ankadziwa mdani wawo, koma panalibe amene akanatha kunena kuti mdaniyo akukankha ndi mphamvu yochuluka bwanji.

Funso limeneli linabwera ndi nkhondo komanso ndalama. Mfumu Louis XIV ya ku France inkamanga malinga m'malire onse a dziko lake, ndipo mizinga itakula mphamvu, linga labwino linali chimulu cha dothi chotchingidwa ndi khoma la miyala kutsogolo. Khoma likachepa linkagwa lokha mdani asanafike. Likachindikala kwambiri linkadya chuma cha mfumu pachabe. Mkulu wa mainjiniya ankhondo, Vauban, anakonza ndondomeko yosonyeza kuchindikala kwa khoma pa msinkhu uliwonse, nkhope yake yopendekera kudothi, kuseri kuli zipilala. Ndondomekoyi inachokera pa zimene anaona m'malinga ambiri amene anamanga, osati pa kuwerengera mphamvu ya dothi. Mu 1729 Bernard Forest de Bélidor anasindikiza buku la mainjiniya mmene anayesa kuwerengera mphamvuyo, ndipo atapeza kuchindikala kongokwanira kuti khoma lisagwe, analangiza kuti awonjezerepo gawo limodzi mwa magawo anayi. Apa ndi pamene panayambira chimene mainjiniya lero amachitcha factor of safety, nambala ya chitetezo. Kuyambira pachiyambi pomwe inali njira yovomerezera kuti masamu sanaone zonse.

Amene analitsegula funsoli kwenikweni ndi Charles-Augustin Coulomb, yemwe ana asukulu amamudziwa chifukwa cha magetsi. Asanafike ku magetsiko anali injiniya wankhondo. Kuyambira 1764 mpaka 1772 anali pa chilumba cha Martinique kumanga linga la Fort Bourbon, m'dziko lotentha ndi lamatenda, ndipo anabwerako thanzi litawonongeka. Mu 1773 anapereka ku bungwe la asayansi ku Paris nkhani imene inasindikizidwa mu 1776. Ganizo lake linali lapafupi kulimvetsa. Khoma likayamba kupendekera kutsogolo, si phiri lonse limene limalitsata. Chimang'ambika ndi chibenthu cha dothi cha ngodya zitatu, n'kutsetsereka pa mzere wopendekera. Chibenthucho chimakokedwa ndi kulemera kwake, koma chimagwiridwa ndi zinthu ziwiri: kukhulana kwa timchenga tokhatokha, ndi kumatana kumene timakuona m'dongo. Coulomb anafunafuna mzere woipitsitsa, umene ungakankhe khoma mwamphamvu kuposa ina yonse, nati khoma limangidwe kuti lipirire umenewo. Nayenso analangiza kuwonjezera gawo limodzi mwa anayi. Mainjiniya akugwiritsabe ntchito masamu amenewa lero, ndipo ine ndimaona kuti akhalitsa chifukwa anabadwira pa ntchito, kwa munthu amene anakhala zaka akuyang'ana dothi lenileni.

Mu 1857 William Rankine, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Glasgow, anafika pa mayankho ofanana podzera njira ina, ndipo masamu ake ndi osavuta moti tikhoza kuwatsata pano. Thirani mchenga wouma pansi, muona kuti mulu wake umaima pa kupendekera kwina kwake, osapitirira. Tinene kuti ndi madigiri 30. Mchenga wotere ukakhala kuseri kwa khoma, umakankha cham'mbali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kumene kukuupsinja kuchokera pamwamba. Koma khoma likamakankhira mchengawo, iwo umakana ndi mphamvu yokwana katatu kulemera komweko. Choncho dothi lili ndi makhalidwe awiri, kukankha ndi kukana, ndipo mu mchenga uwu kukana kumaposa kukankha kasanu ndi kanayi. Chinanso chimene masamuwa amaonetsa n'chakuti msinkhu wa khoma ukawirikiza kawiri, mphamvu yolikankha imawirikiza kanayi, ndipo mphamvu yofuna kuligubuduza imawirikiza kasanu ndi katatu. Mmisiri amene anamanga bwino khoma la mita imodzi sangangowonjezera mizere ya njerwa n'kumayembekeza kuti la mamita awiri lidzachitanso chimodzimodzi.

Si onse anakhulupirira masamuwa. Benjamin Baker, amene pambuyo pake anamanga mlatho wa Forth ku Scotland, anali atamanga makoma ambiri ogwira dothi pa njanji zapansi za mu London. Mu 1881 anauza anzake a m'bungwe la mainjiniya kuti zimene anaona pa ntchito sizinkagwirizana ndi za m'mabuku. Makoma ena amene masamu ankati agwa anali chilili, ndipo ambiri mwa amene anagwa, vuto linali m'maziko. Iye anabwerera ku malamulo a amisiri: pamalo abwino khoma lichindikale gawo limodzi mwa anayi a msinkhu wake, pamalo wamba limodzi mwa atatu, ndipo pa maziko olimba palibe chifukwa chopitirira theka. Baker sanawagwetse masamu, koma anakumbutsa anzake kuti khoma lili ndi njira zambiri zogwera. Likhoza kutsetsereka lonse kupita kutsogolo, likhoza kugubuduka, likhoza kumira chifukwa nthaka ya pansi pake yafooka, likhoza kuthyoka pakati, kapena mtunda wonse ukhoza kugumuka n'kulinyamula lili lathunthu. M'kupita kwa nthawi njira iliyonse inapatsidwa nambala yake. Zimene zinazolowereka ndi 1.5 pa kutsetsereka, 1.5 mpaka 2 pa kugubuduka, ndi pafupifupi 3 pa kulimba kwa nthaka ya pansi pa maziko. Nambala ya 1.5 ikutanthauza kuti mphamvu yogwira khoma iyenera kuposa yolikankha ndi theka.

Makoma onsewa ankaima chifukwa cha kulemera kwawo. Koma m'madoko ndi m'mphepete mwa mitsinje, mmene nthaka ndi yofewa ndipo madzi ali pafupi, munafunika khoma la mtundu wina. Mu 1902, mu mzinda wa Bremen ku Germany, injiniya Tryggve Larssen anayamba kugwiritsa ntchito zitsulo zazitali zopindidwa, zolumikizana m'mbali, zimene amazikhomera pansi n'kukumba dothi mbali imodzi. Khoma lotere n'lopyapyala ndipo kulemera kwake n'kosanunkha kanthu. Limaima monga mmene umaimira mzati wa khola la ng'ombe: ng'ombe ikautsamira, chimene chimaugwira ndi dothi limene lazinga gawo lozikika, ndipo mzati wozikidwa mosazama umazuka ngakhale mtengo wake ukhale wa mwanga. Apa funso linasintha. Silinalinso la kuchindikala koma la kuzama.

Hermann Blum anapereka njira yowerengera kuzamaku mu 1931. Khoma lopanda chochirikiza pamwamba likafuna kugwa, limazungulira pa malo ena pafupi ndi kunsonga kwake kwapansi. Kuseri dothi likukankha kuyambira pamwamba mpaka pansi, kutsogolo dothi la pansi pa dzenje likukana. Injiniya amafuna kuzama kumene mbali ziwirizi zikulingana, kenako n'kuwonjezera magawo 20 pa 100 kuti nsongayo ipeze pogwira. Tiyeni tiyese ndi mchenga wathu uja wouma, dzenje la mamita 3. Mphamvu zimalingana khoma likalowa pansi mamita 2.8, ndipo kuwonjezera kwa nsonga kuja kumalifikitsa pa 3.3. Kumeneku n'kungoima chabe, popanda chitetezo chilichonse. Tikafuna kuti mphamvu yokana ipose yokankha kawiri, kuzama kumafika mamita 4.6, ndipo ndi kuwonjezera kuja 5.5. Khoma looneka mamita 3 lili ndi mamita oposa 5 m'nthaka. Mwini ntchito akaona zitsulo zochuluka chotere zikumira pansi, mtima umamupweteka, ndipo mkangano wa iye ndi injiniya pa nkhani imeneyi ndi wakale ngati zitsulozo.

N'chifukwa chiyani sitingadalire mphamvu yonse yokana ija? Yankho linachokera kwa Karl Terzaghi, amene anabadwira ku Prague mu 1883 ndipo amatengedwa ngati tate wa sayansi ya nthaka. Anayamba kuyesa mchenga ndi dongo ali mphunzitsi ku Istanbul, nasindikiza buku lake lalikulu mu 1925, kenako pa yunivesite ya MIT ku America anayesa khoma lalikulu lotheka kulisuntha pang'onopang'ono, zotsatira zake n'kutuluka mu 1934. Anapeza kuti kukankha kwa mchenga wotsendereka kumatsika kufika pa nambala ya m'mabuku khoma likangosuntha pang'ono kwambiri, mwina gawo limodzi pa 1,000 la msinkhu wake. Khoma lokanizidwa kusuntha limasenza zochuluka kuposa pamenepo. Koma kuti dothi la kutsogolo likane ndi mphamvu yake yonse, khoma liyenera kusuntha kwambiri, kuwirikiza kambirimbiri. Pofika pamenepo msewu wa pamwamba wang'aluka kale, nyumba yoyandikana yachita ming'alu. Choncho nambala ya chitetezo imagwira ntchito ziwiri, kuteteza kugwa ndi kuchepetsa kusuntha.

Terzaghi yemweyo ndiye anafotokoza bwino za madzi. Madzi a m'mipata ya dothi amasenza gawo la katundu, motero timchenga sitikanikizananso mwamphamvu ndipo kukhulana kumachepa. Pamwamba pa apo madziwo amakankha khoma paokha, ndipo iwo sakankha ndi gawo limodzi mwa atatu chabe ngati mchenga uja, amakankha ndi kulemera kwawo konse. Khoma la mamita 2 lokhala ndi mchenga wouma kuseri limasenza pafupifupi matani 1.2 pa mita iliyonse ya kutalika kwake. Mchengawo ukakhuta madzi mpaka pamwamba, katunduyo amafika pafupifupi matani 2.6. Chitetezo cha 1.5 chimathera pomwepo usiku umodzi wa mvula. Zimene Vitruvius anaziona ndi maso tsopano zinali ndi nambala. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo khoma lomangidwa mopingasa njira yawo popanda timabowo totulutsira madzi ndi miyala yosefera kuseri limangodikira tsiku lake.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mayiko anayamba kulemba malamulo. Ku Britain lamulo la makoma ogwira dothi la 1951 linkafuna chitetezo cha 2 pa mphamvu yokana. Mu 1952 Peter Rowe anaonetsa kuti khoma lachitsulo lomangiriridwa pamwamba limapindika pang'ono n'kugawa katundu mwa njira ina, moti silifuna chitsulo chochindikala monga ankaganizira. Ku Denmark, m'zaka zomwezo, Jørgen Brinch Hansen ananena kuti nambala imodzi siingakwanire, ndi bwino chinthu chilichonse chokayikitsa chikhale ndi yake, katundu yake, mphamvu ya dothi yake. Njira zowerengera zinachuluka, ndipo chisokonezo chinalowa.

Chisokonezochi n'chofunika kuchiona pafupi. Tengani khoma lathu lija, dzenje mamita 3, kuzama kowerengera mamita 4.6. Mukayerekeza mphamvu yonse yokana ndi yonse yokankha, chitetezo ndi 2. Mukayamba mwachotsera mphamvu ziwirizi pa gawo lokwiririka n'kuyerekeza zotsala, monga linkachitira buku lina lotchuka la opanga zitsulo, chitetezo chimatuluka pafupifupi 3.6. Mukafunsa kuti kukhulana kwa mchenga kuchepe kangati kuti khoma ligwe, yankho ndi 1.5. Mukayerekeza kuzama kumene kulipo ndi kongokwanira, mupeza pafupifupi 1.65. Khoma ndi limodzi, mchenga ndi womwewo, nambala zinayi. Mu 1981 John Burland, amene anakulira ku South Africa ndipo pambuyo pake anathandiza kupulumutsa nsanja ya Pisa, pamodzi ndi anzake Potts ndi Walsh, anaonetsa kuti njira zina zimapereka nambala yaikulu pamene chitetezo chenicheni n'chochepa, ndipo zina zimamiza zitsulo pachabe. Kuyambira pamenepo munthu akakuuzani kuti khoma lili ndi chitetezo cha 2, muyenera kufunsa kuti 2 wa pa chiyani.

Malamulo a ku Ulaya a Eurocode 7, amene anatuluka mu 2004, anatsata maganizo a Brinch Hansen. Mu imodzi mwa njira zake, kukhulana kwa dothi kumagawidwa ndi 1.25, mphamvu ya dongo lonyowa ndi 1.4, ndipo katundu amakwezedwa payekha. Muli lamulo lina laling'ono limene ine ndimaliona kuti ndi lanzeru kuposa ambiri. Powerengera khoma lodalira dothi la kutsogolo, injiniya ayenera kuganiza kuti wina adzakumba mopitirira, ndipo pa khoma lopanda chochirikiza achotseretu gawo limodzi mwa magawo khumi a msinkhu, osapitirira theka la mita. Onani chifukwa chake. Pa khoma lathu lija, wina akumbe ngalande ya paipi yakuya theka la mita m'mphepete mwa phazi lake. Msinkhu wakwera kufika mamita 3.5, kuzama kwatsika kufika 4.1, ndipo chitetezo cha 2 chatsika kufika 1.4. Amene wakumbayo sanakhudze khoma ndi dzanja lake, ndipo akapita kwawo osadziwa chimene wachita.

Malamulo ambiri mwa amenewa analembedwa maliro atachitika. Ku Hong Kong, mzinda womangidwa m'mapiri, dothi linagumuka ku Sau Mau Ping ndi ku Po Shan Road mu June 1972 n'kupha anthu oposa 130, ndipo ngozi ina itachitikanso mu 1976, boma linakhazikitsa ofesi yoyang'anira malo otsetsereka mu 1977. Ngakhale zinali choncho, pa 23 July 1994 khoma lakale lamiyala ku Kwun Lung Lau linagwa mvula itagwa yambiri, anthu 5 n'kufa. Ofufuza anapeza kuti mapaipi a pansi ankadontha n'kunyowetsa dothi la kuseri, komanso kuti khomalo linali lopyapyala kwambiri kuposa mmene mapulani ankasonyezera. Chitetezo chinali papepala pokha. Ku Singapore, pa 20 April 2004, makoma a dzenje la njanji yapansi lakuya pafupifupi mamita 30 anagwa pafupi ndi Nicoll Highway, anthu 4 n'kufa. Apa panali makompyuta ndi mainjiniya ophunzira, koma powerengera anaipatsa nthaka yofewa ya dongo mphamvu imene inalibe, ndipo polumikizira zitsulo zochirikiza makoma panali pofooka. Zipangizo zoyezera zinkaonetsa kale kuti makoma akusuntha mopitirira, ntchito n'kumapitirira.

Kwathu kuno makoma ambiri ogwira dothi saona injiniya. Yendani m'malo otsetsereka a Blantyre, Zomba kapena Nkhata Bay, muona mapuloti osemedwa m'phiri, mpanda wa njerwa wa mzere umodzi utasanduka khoma logwira dothi chifukwa wa kumtunda wathira dothi kuseri kwake, pamene wa kumunsi wakumba mpaka m'phazi kuti apeze malo a bafa kapena khitchini. Mpanda wotere sunamangidwe kuti usenze kanthu. Maziko ake ndi osaya, mabowo a madzi palibe, ndipo nthawi zina madzi a padenga la kumtunda amathera pomwepo. Matope amene anatsika m'phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu March 2023 sakanaimitsidwa ndi khoma la pakhomo lililonse, koma makoma ang'onoang'ono amene amagwera nyumba m'dzinja ndi nkhani ina, ndipo ambiri akhoza kupeweka. Malamulo a zomangamanga a ku America amafuna chilolezo khoma likapitirira mamita 1.2 kuyeza kuchokera pansi pa maziko, ndipo malire amenewo ndi oyenera kuwaganizira ngakhale kuno. Pamene pali miyala yambiri, mabasiketi a waya odzaza miyala amene timawaona m'milatho ndi m'misewu amachita bwino, chifukwa ndi olemera ndipo satsekera madzi.

Inu amene mukumanga pamalo otsetsereka, khoma likafika m'chifuwa funani injiniya, ndipo akakuuzani kuzama kwa maziko musamunyengerere kuti achepetse. Onetsetsani ndi maso anu kuti miyala yosefera yathiridwa kuseri ndiponso mabowo a madzi asiyidwa dothi lisanakwiriridwe. Khoma likatha, gwirizanani ndi anansi a kumunsi kuti pasapezeke wokumba m'phazi mwake, ndipo mukaona mng'alu watsopano kapena khoma likuyamba kupendekera, chotsani ana m'chipinda choyandikana nalo tsiku lomwelo.